Mtima Ukayambanso Kuthamanga Pambuyo pa Opaleshoni

Tsamba la zaumoyo la ulendo uno likukamba za anthu amene anachitidwa opaleshoni ya mtima ndipo anabwerera kumudzi. Anthu otere ndi ochepa, koma alipo pakati pathu. Mwina ndinu nomwe, mwina ndi mwana wanu, mlongo wanu kapena mnansi amene munamusonkhera ndalama za ulendo.

Munthu akabwerako ku Maputo kapena kunja kwa dziko ali ndi chipsera chachitali pachifuwa, abale amasangalala n'kunena kuti mavuto atha. Nthawi zambiri zinthu zimayendadi bwino. Koma kwa ena, pakapita masabata, miyezi ngakhale zaka, mtima umayamba kuthamanga mwa mtundu wina umene sanauzolowere. Vutoli madokotala amalidziwa bwino, lili ndi dzina ndipo lili ndi chithandizo. Choopsa n'kukhala nalo pakhomo osalizindikira. Werengani mofatsa, ndipo muwawerengerenso anzanu amene satha kuwerenga.

Kodi mtima umagunda motani?

Mtima ndi mnofu waukulu ngati nkhonya ya mwini wake. Mkati mwake muli zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba ndi ziwiri m'munsi. Zam'mwamba zimalandira magazi, ndipo zam'munsi ndi zimene zimawapopa kuti apite kumapapo ndi m'thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali timakomo totsegukira mbali imodzi yokha. Timakomoti amatitcha mavavu, chifukwa timagwira ntchito ngati vavu la chubu cha njinga, limene limalola mpweya kulowa koma osatuluka.

Mnofu wa mtima sufinya wokha, umadikira uthenga. Uthengawo ndi kamphamvu kochepa konga magetsi, kamene kamayambira pamalo amodzi m'chipinda cham'mwamba chakumanja. Malo amenewa tiwayerekeze ndi woimba ng'oma pabwalo: iye akamenya kamodzi, ovina onse amaponda kamodzi. Uthenga ukafalikira m'zipinda zam'mwamba, umafika pakachipata kamodzi kokha kotsikira kuzipinda zam'munsi. Pakachipatapo pamakhala ngati pali mlonda amene salola mauthenga kudutsa mothithikana. Zonse zikamayenda bwino, mtima wa munthu wamkulu amene wakhala pansi n'kupuma umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, mwadongosolo.

Matenda oyamba aja: atrial fibrillation

Pali matenda ena amene amasokoneza dongosololi. Pamapepala a chipatala olembedwa m'Chingerezi amawatcha atrial fibrillation, ndipo pa a m'Chipwitikizi amalemba kuti fibrilhação auricular. Apa zimakhala ngati pabwalo pabwera oimba ng'oma ambirimbiri, aliyense akumenya zake. Zipinda zam'mwamba zimasiya kufinya, zimangonjenjemera, ndipo mtima umagunda mosokonekera: pena mofulumira, pena mochedwa, pena ngati waphonya.

Kumayiko olemera matendawa amagwira kwambiri okalamba. Kwathu kuno amagwiranso achinyamata ndi amayi apakatikati, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi mavavu oonongeka. Mwana akadwala zilonda zapakhosi zobwera ndi tizilombo totchedwa streptococcus, osalandira mankhwala oyenera, thupi lake polimbana ndi tizilomboto limatha kuvulazanso mavavu a mtima. Vavu likauma kapena likamadontha, chipinda cham'mwamba chakumanzere chimafufuma pang'onopang'ono mpaka njira za uthenga zija zimasokonekera.

Vuto la mavavu ndi lalikulu m'dziko lathu la Mozambique. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2007 anayeza ana a sukulu 2,170 ku Maputo. Poyeza ndi chomvetsera pachifuwa, matendawa anapezeka mwa ana awiri kapena atatu pa ana 1,000 aliwonse. Koma atawayeza ndi makina ounikira mtima, anapezeka mwa ana pafupifupi 30 pa 1,000 aliwonse. Ena mwa ana otere akakula amafunika opaleshoni yokonza kapena yosintha vavu. Opaleshoni zotere zimachitika m'zipatala zazikulu monga Instituto do Coração ku Maputo, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2001, ndipo odwala ena amakachitidwa kunja.

Opaleshoni yomanga mipanda mumtima

Kukonza vavu pakokha nthawi zambiri sikuthetsa kugunda kosokonekera kuja. N'chifukwa chake madokotala ena, akatsegula chifuwa kuti akonze vavu, amachitiratu ntchito yachiwiri yotchedwa Maze. Amene anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, James Cox, ndipo anaichita koyamba m'chaka cha 1987 mumzinda wa St. Louis.

Nzeru yake ndi iyi: chipsera sichidutsa uthenga wa mtima. Choncho dokotala amalemba dala mizere ya zipsera m'makoma a zipinda zam'mwamba. Poyamba ankacheka ndi kusoka. Kuyambira cha m'ma 2002, ambiri amagwiritsa ntchito zipangizo zotentha kapena zoziziritsa kwambiri mnofuwo mpaka pakhale chipsera. Mizereyi ili ngati mipanda ya kudimba. Mbuzi zikapeza mpanda mbali zonse, zimatsata njira imodzi yokha imene mwini dimba wasiya. Momwemonso uthenga wa mtima umasiya kuyendayenda, n'kutsata njira imodzi kuchoka kwa woimba ng'oma weniweni uja mpaka pakachipata.

Si aliyense wochitidwa opaleshoni ya vavu amene amachitidwanso Maze. Kalata imene munapatsidwa potuluka m'chipatala ndi imene ikunena zomwe anakuchitani. Ngati simukuimvetsa, pemphani namwino kapena dokotala akuwerengereni. Dziwaninso kuti zimene tikufotokoza m'munsimu zingachitikire aliyense amene anachekedwapo mtima, ngakhale amene sanachitidwe Maze.

Nanga atrial flutter imabwera bwanji?

Aliyense amene anamangapo mpanda amadziwa kuti mpanda umafuna kubowoka pamodzi pokha kuti mbuzi ilowe. Mzere wa chipsera nawonso ukhoza kutsala ndi kampata kakang'ono, kapena mnofu wa pamzerepo ukhoza kuchira n'kuyambanso kudutsa uthenga. Zikatero uthenga umalowa pakampatako, n'kuzungulira chipseracho, n'kubwereranso pomwe unayambira, n'kuzunguliranso. Umangozungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, osaima usana ndi usiku.

Kuzungulira kumeneku ndi kumene kumatchedwa atrial flutter, ndipo m'Chipwitikizi amalemba kuti flutter auricular. Uthenga ukhoza kuzungulira vavu lakumanzere lotchedwa mitral, ukhoza kuzungulira chipsera cha pamene dokotala anacheka polowa mumtima, kapena kuzungulira vavu lakumanja. Kulikonse kumene ukuzungulira, zipinda zam'mwamba zimagunda pafupifupi ka 300 pa mphindi imodzi. Mwa anthu amene ali ndi zipsera zambiri, liwiroli limatha kuchepako.

Apa ndi pamene mlonda wa pakachipata uja amatipulumutsa. Zipinda zam'munsi zikanati zizigunda ka 300, munthu sakanatha kuimirira. Mlondayo kawirikawiri amalola uthenga umodzi pa awiri aliwonse, choncho mtima umagunda pafupifupi ka 150. Nthawi zina amalola umodzi pa atatu, n'kukhala ka 100, kapena umodzi pa anayi, n'kukhala ka 75.

Vutoli limakonda kuoneka nthawi ziwiri. Yoyamba ndi m'miyezi itatu yoyambirira, pamene mabala a mumtima akadali otupa. Pa nthawiyi kugunda kosokonekera si kwachilendo, ndipo kwa ambiri kumatha mabala akapola. Sizitanthauza kuti opaleshoni yalephereka, komabe pamafunika kuti dokotala akuoneni. Nthawi yachiwiri ndi pambuyo pa miyezi yambiri kapena zaka. Flutter yobwera mochedwa choncho kawirikawiri siichoka yokha.

Chifukwa chake imapusitsa anthu

Munthu amene anadwalapo fibrillation amakumbukira kuti mtima wake unkagunda mosokonekera. Ndiye akagwira pamkono n'kumva kuti ukugunda mwadongosolo, amadzilimbitsa mtima kuti matenda aja sanabwerere. Komatu flutter nthawi zambiri imagunda mwadongosolo, kungoti mothamanga kwambiri. Dongosolo limenelo ndi limene limapusitsa.

Tiyerekeze mayi amene anasinthidwa vavu chaka chatha. Anachira, anayambanso kupalira ndi kupita kumsika. Tsiku lina akuona kuti kachitunda kochokera kumjigo kakumupatsa befu. Akuganiza kuti ndi kutopa kwa ntchito ya kumunda. Sabata yotsatira akuganiza kuti ndi malungo, n'kugula mapiritsi pagolosale. Achibale ena akuyamba kunong'ona kuti alipo amene sanakondwe ndi kuchira kwake. Pamene akufika kuchipatala patha mwezi, miyendo yatupa, ndipo sangagone chagada. Mwezi wonsewo mtima wake unali kugunda ka 150, ndipo panalibe amene anawerenga.

Si ufiti, si tsoka, ndipo si kulakwa kwa wodwala. Ndi kampata mumpanda basi.

Zizindikiro zake

• Kumva mtima ukuthamanga kapena kugunda mwamphamvu muli chikhalire.
• Befu pa ntchito imene masiku apitawo munkaigwira bwinobwino.
• Kufooka ndi kutopa kosadziwika chifukwa chake.
• Chizungulire, makamaka poimirira.
• Kumva kulemera kapena kuthina pachifuwa.
• Kutupa mapazi ndi miyendo, kapena kulephera kugona popanda kutsamira pamwamba.

Anthu ena samva chilichonse. Amene ali ndi vavu lachitsulo ali ndi mwayi wina: vavulo limamveka kulira ngati wotchi, makamaka usiku kukakhala zii. Mukamva kuti kulirako kwayamba kufulumira kuposa masiku onse, musanyozere. Amuna kapena akazi anu akhoza kukhala oyamba kuzindikira.

Phunzirani kuwerenga kugunda kwa mtima

Ntchitoyi siifuna ndalama, imangofuna zala ziwiri ndi wotchi kapena foni.

1. Khalani pansi mupume kwa mphindi zisanu.
2. Tembenuzani dzanja, chikhatho chiyang'ane kumwamba.
3. Ikani chala cholozera ndi chapakati cha dzanja linalo pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Musagwiritse ntchito chala chachikulu.
4. Dinani pang'ono mpaka mumve mtsempha ukugunda.
5. Werengani kwa masekondi 60 athunthu.
6. Lembani tsiku ndi nambalayo m'kope, ndipo mulembenso ngati kugundako kunali kwadongosolo kapena kosokonekera.

Chitani zimenezi m'mawa uliwonse, komanso nthawi iliyonse imene simukumva bwino. Mukatero mudzadziwa nambala yanu ya masiku onse, ndipo ikasintha mudzaona msanga. Ngati kuwerenga kukukuvutani, mwana wa sukulu wa pakhomo panu akhoza kukuthandizani.

Chizindikiro chachikulu cha flutter ndi nambala yosasuntha. Mtima wothamanga chifukwa cha ntchito kapena mantha umatsika munthu akapuma. Koma mukapeza 140 kapena 150 m'mawa, 150 masana, 150 usiku muli gone, dziwani kuti pali vuto. Chenjeraninso ndi ichi: munthu amene akumwa mankhwala ochepetsa liwiro la mtima akhoza kukhala ndi flutter nambala yake ili 75 kapena 100. N'chifukwa chake masiku okaonana ndi dokotala sayenera kuphonyedwa ngakhale mukumva bwino.

Kuopsa kwake kuli pawiri

Koyamba ndi kutopa kwa mtima. Mtima wogunda ka 70 pa mphindi umagunda ka 100,800 pa tsiku. Wogunda ka 150 umagunda ka 216,000 pa tsiku, kuposa kuwirikiza kawiri. Ng'ombe yolima usana ndi usiku osaimasula goli imagwa. Mtima nawo ukathamanga choncho kwa masabata ambiri umafooka, ndipo madzi amayamba kudzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Chosangalatsa n'chakuti liwiro likabwezeretsedwa msanga, mtima wofooka mwa njira imeneyi kawirikawiri umapezanso mphamvu.

Kwachiwiri ndi kuundana kwa magazi. Zipinda zam'mwamba zikapanda kufinya bwino, magazi amadekha m'ngodya zake ngati madzi a pachithaphwi, n'kuundana. Kachibulumwa ka magazi kakathothoka, kamayenda ndi mtsempha mpaka kukatseka njira ya magazi mu ubongo. Zotsatira zake ndi matenda opha ziwalo, amene ambiri kuno amati trombose ndipo kutsidya ku Malawi amati sitiroko. Madokotala amaitenga ngozi imeneyi mofanana kaya munthu ali ndi flutter kapena fibrillation. Pa opaleshoni ya Maze nthawi zambiri amatsekanso kathumba kena ka m'chipinda chakumanzere kamene magazi amakonda kuundanamo. Zimenezi zimachepetsa ngoziyo koma siziichotsa yonse.

Kodi mupite liti kuchipatala?

Pitani tsiku lomwelo ngati mtima ukugunda kopitirira ka 120 mutapuma ndipo sukutsika, kapena ngati wayambanso kugunda mosokonekera. Pitaninso ngati ukugunda kochepera ka 50 ndipo mukumva chizungulire, chifukwa pambuyo pa opaleshoni yotere ena mtima umachedwa kwambiri mpaka kufunika kamakina kouthandiza.

Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya kukugwa mvula, ngati wodwala:

• wakomoka kapena akuoneka kuti akomoka;
• akubanika ngakhale atakhala pansi;
• akumva kupweteka kwambiri pachifuwa;
• wapotoka pakamwa, wafooka mkono kapena mwendo mbali imodzi, kapena akulephera kulankhula bwino, ngakhale zitatha patapita kanthawi;
• akutuluka magazi osaleka, akusanza magazi kapena akuchita chimbudzi chakuda bii.

Wodwala wotere asayende pansi kapena kupalasa njinga yekha. Munyamuleni.

Akakuchitani chiyani kuchipatala?

Mukangofika nenani kuti: “Ndinachitidwa opaleshoni ya mtima, ndimamwa mankhwala awa, ndipo mtima wanga ukugunda mwakutimwakuti kuyambira tsiku lakuti.” Onetsani kope lanu lija. Achipatala adzayeza kaye zinthu zina zimene zimathamangitsa mtima, monga malungo, kuchepa kwa magazi ndi kutentha thupi. Koma ngakhale atapeza malungo, funsani za kuyeza kotchedwa ECG, chifukwa munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Poyeza ECG amamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Sikupweteka, ndipo kumatenga mphindi zochepa. Flutter yodziwika bwino imajambula mzere wonga mano a sowo papepala. Yobwera pambuyo pa opaleshoni nthawi zina siioneka bwino choncho, ndipo pamafunika dokotala wozolowera za mtima kuti aizindikire. Ngati pachipatala chanu palibe makinawa, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, imene amati guia de transferência. Pepala la ECG mulisunge kapena mulijambule pafoni.

Chithandizo chili ndi mbali zinayi.

Yoyamba ndi kuteteza magazi kuti asaundane. Za mbali imeneyi tikamba pazokha m'munsimu.

Yachiwiri ndi kuchepetsa liwiro ndi mankhwala monga atenolol, bisoprolol kapena digoxin. Mankhwalawa amalimbikitsa mlonda wa pakachipata uja kuti azilola mauthenga ochepa, koma sathetsa kuzungulira kwenikweniko. Flutter imavuta kuigwira ndi mankhwala kuposa fibrillation, choncho musadabwe dokotala akamasinthasintha muyezo. Inu nokha musaonjezere mapiritsi.

Yachitatu ndi kubwezeretsa kagundidwe koyenera. Nthawi zina amapereka mankhwala otchedwa amiodarone. Njira yodalirika kwambiri ndi ya magetsi: amamugoneka wodwala tulo kwa mphindi zochepa, n'kudutsitsa mphamvu ya magetsi kamodzi pachifuwa. Kuzungulira kuja kumaduka, ndipo woimba ng'oma weniweni amayambanso ntchito yake. Anthu ambiri amachita mantha akamva za magetsi, koma wodwala amakhala ali mtulo, ndipo flutter imamvera bwino njira imeneyi. Kupatula pangozi, madokotala amafuna kuti magazi akhale otetezedwa bwino kwa masabata atatu asanachite zimenezi, kapena amayamba aunika mumtima kuti aone ngati mulibe magazi oundana. Pambuyo pake mankhwala amapitirira kwa masabata osachepera anayi, ndipo kwa odwala mavavu ambiri amapitirira moyo wonse.

Yachinayi ndi kutseka kampata kaja. Pamenepa sachekanso chifuwa. Amalowetsa kawaya kakatali mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika mumtima, n'kufufuza njira imene uthenga ukuzungulira, n'kuwotcha pakampatapo. Flutter yozungulira vavu lakumanja imatha mwa odwala oposa 90 pa 100 aliwonse ochitidwa zimenezi. Yozungulira zipsera zakumanzere ndi yovutirapo, ndipo ena amafunika kubwereza. Chithandizochi chimapezeka m'zipatala zazikulu za mtima zokha, choncho amene angakuuzeni ngati chikufunika ndi madokotala amene anakuchitani opaleshoni.

Mankhwala a warfarin: musasiye

Odwala mavavu ambiri amamwa warfarin, amene pamapaketi ena amalembedwa kuti varfarina. Amene ali ndi vavu lachitsulo amamwa moyo wawo wonse, kaya mtima ukugunda bwino kaya ayi. Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita ndi kusiya mankhwalawa poona kuti achira. Flutter ikabwera mwakachetechete n'kupeza magazi osatetezedwa, chizindikiro choyamba chikhoza kukhala kufa kwa ziwalo.

Masiku ano kuli mankhwala atsopano osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo mwina wachibale wa ku Joni angafune kukutumizirani. Musasinthe nokha. Mankhwala atsopanowo sayenera kwa munthu wa vavu lachitsulo. Komanso kafukufuku wamkulu wotchedwa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2022, anatsatira odwala oposa 4,500 a mavavu oonongeka ndi fibrillation m'mayiko 24, ndipo anapeza kuti imfa zinali zochepa pakati pa omwa mankhwala a mtundu wa warfarin kusiyana ndi omwa atsopano otchedwa rivaroxaban.

Kuti warfarin akuthandizeni, sungani malamulo awa:

• Yezetsani magazi pa muyezo wotchedwa INR pa masiku amene mwauzidwa. Kwa ambiri nambala yofunika ndi pakati pa 2 ndi 3, ndipo kwa a vavu lachitsulo la mitral kawirikawiri ndi pakati pa 2.5 ndi 3.5. Funsani nambala yanu ndipo muilembe.
• Imwani nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe kawiri mawa lake.
• Mapiritsi ochokera m'malo osiyana amatha kusiyana mtundu ndi mphamvu. Mukalandira kutsidya lina la malire, yang'anani nambala ya mamiligalamu, osati mtundu wa piritsi.
• Mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafooketsa kwambiri warfarin. Cotrimoxazole, metronidazole ndi amiodarone amamuonjezera mphamvu mpaka munthu kutaya magazi. Uzani aliyense wokulemberani mankhwala, kuphatikizapo a ma ARV, kuti mumamwa warfarin.
• Pewani ibuprofen ndi diclofenac, ndipo aspirin musamwe pokhapokha dokotala wa mtima atakuuzani. Mutu ukamawawa imwani paracetamol pa muyezo woyenera.
• Ndiwo zamasamba monga nkhwani, mpiru, bonongwe ndi repu zimachepetsa mphamvu ya warfarin. Musazisiye, koma muzidya mofanana masiku onse. Nyengo ikasintha, masamba n'kuchuluka kapena kusowa, kayezetseni magazi.
• Musatemedwe mphini, ndipo musamwe mankhwala azitsamba. Musazulitse dzino musananene kuti mumamwa warfarin.
• Kachasu ndi mowa wina uliwonse wambiri zimasokoneza warfarin komanso zimautsa kugunda kosokonekera.
• Amayi, warfarin akhoza kuvulaza mwana wosabadwa. Kambiranani ndi dokotala musanaime. Mukazindikira kuti mwaima, pitani kuchipatala msanga koma musasiye mankhwala panokha.

Kwa inu okhala m'malire

Ambiri a ife ku Angónia ndi ku Tsangano tili ndi abale mbali zonse ziwiri, ndipo wina akadwala amapita kumene kuli pafupi, kaya ku Ulónguè, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Pangozi pitani kumene mungafike msanga. Vuto limabwera pamene mapepala ena ali m'Chipwitikizi, ena m'Chingerezi, ndipo chipatala china sichidziwa zimene chinzake chinapereka. Choncho ikani zonse m'thumba limodzi la pulasitiki: kalata ya opaleshoni, mapepala a ECG, kope la INR ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Thumbalo liziyenda nanu kulikonse. Sankhani chipatala chimodzi chokha choti chizikusinthirani muyezo wa warfarin, ndipo musamwe mapiritsi a mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Inu abale, ntchito yanu siinathere pa kusonkha ndalama za opaleshoni. Sungani kangachepe kapadera ka ulendo wadzidzidzi. Gwirizanani pasadakhale ndi mwini njinga yamoto kapena galimoto amene mungamudzutse usiku. Onetsetsani kuti mankhwala atengedwa asanathe, makamaka nyengo ya mvula isanafike, pamene mitsinje imadzaza ndi misewu kuduka. Ndipo musamunene waulesi wodwala amene wayamba kutopa msanga. Mugwireni pamkono muwerenge.

Titeteze ana athu

Njira yonseyi, kuchokera ku vavu loonongeka mpaka ku opaleshoni ndi flutter, nthawi zambiri imayambira pakhosi pa mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15. Mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye kuchipatala, ndipo akapatsidwa penicillin amalize yense. Akatupa kapena kumva kuwawa m'maondo ndi m'zigongono patapita masabata angapo chidwalire pakhosi, musangoti ndi nyamakazi wamba, kanenenikoni. Amene anapezeka kale ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin pa masabata atatu kapena anayi aliwonse kwa zaka zambiri. Jakisoniyu ndi wowawa, koma ndi amene amateteza mavavu kuti asapitirire kuonongeka. Ngakhale pambuyo pa opaleshoni, musasiye pokhapokha dokotala atanena.

Kumbukirani

• Mtima kuthamanganso pambuyo pa opaleshoni ndi vuto lodziwika, ndipo lili ndi chithandizo.
• Kugunda mwadongosolo sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Werengani nambala.
• Nambala ikakhala pafupi ndi 150 osatsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mufunse za ECG.
• Musasiye warfarin, ndipo musaphonye kuyezetsa INR.
• Mapepala anu onse aziyenda nanu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati pali chimene simunamvetse, tengani tsambali mupite nalo kwa namwino kapena dokotala wa pachipatala chanu kuti akufotokozereni. Mukamaliza kuwerenga musalikulungire fodya kapena kuyatsira moto, lipatseni banja lina limene lili ndi wodwala mtima. Pitirizani kumvera pulogalamu ya zaumoyo pawailesi yanu, ndipo mafunso anu atipeze.